Kachanzi ka Pamwala

Amayi anga sankalola mankhwala achikuda kulowa m'nyumba mwawo. Ife tinakulira ku Kawale tikudziwa kuti ukatsokomola ulendo ndi wa kuchipatala, ndipo mnzako akakupatsa muzu woti utafune, uutaye usanafike pakhomo. Ndiye pamene anayamba kuitanitsa chanzi, nyengo yozizira ya chaka chatha, ine mtima unangoti myuu. Munthu sasintha chonchi ali bwinobwino.

Anali atagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri chifukwa cha chibayo. Atatuluka ndinawatengera kunyumba kwanga, pamodzi ndi mapiritsi oti amalize. Adokotala ananena momveka kuti akadukiza matendawo abwerera, ndipo pa msinkhu wawo sangawapirire kachiwiri. Anamwa masiku awiri. Tsiku lachitatu anatseka pakamwa. Phala ayi, tiyi ayi, mapiritsi ankawalavulira m'chitenje. Ankangoyang'ana kukhoma n'kumati, "Kanditengereni kachanzi."

Ndinathamangira kumsika wa Chilinde, kwa bambo wina wogulitsa zitsamba, ndipo anandimangira mtolo wa chanzi chodziwika ndi aliyense chija, chamitengo italiitali, masamba ake okhakhala, fungo longa la ndimu. Amayi anangokweza diso limodzi.

"Si kameneka."

Mawa lake amuna anga, bambo a Tadala, anabwera ndi mpungabwi womwe anathyola m'mbali mwa munda wa mnzawo ku Njewa, uja anthu amathamangitsira udzudzu. Amayi sanatembenuke n'komwe.

"Kamenekanso ayi. Kachanzi kanga kali kwathu, pamwala paja. Kakatengeni ndisanafe."

Kwathu kumene ankanenako ndi mudzi wina kupitirira Tsangano, ku Ntcheu, m'malire penipeni. Ine ndinapitako kawiri kokha, ulendo womaliza ndili mu Sitandade 6, kumaliro a agogo. Wachibale wotsala kumeneko anali mmodzi, mng'ono wawo wa amayi, yemwe dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Ankangoti "uja." Chomwe ndinkadziwa n'chakuti mwana woyamba wa amayi, wamwamuna, anafera kumudziko ali khanda, ndipo mlandu unagwera mayi aang'onowo. Kumaliro a agogo awiriwa anakhala mphasa imodzi masiku atatu osapatsana moni.

Ndinatseka makina anga osokera, n'kuuza bambo a Tadala kuti ndikupita. Iwo anangoti, "Foni isazime." Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse ngati mwala m'nsapato.

Ndinafika kudepoti dzuwa lisanatuluke bwino. Minibasi ya ku Ntcheu inkaoneka kuti yatsala anthu atatu kuti idzaze, ndiye ndinakwera mothamanga ngati kuti indisiya. Ine wobadwira mu Lilongwe momwemo, kupusitsidwa ndi chinyengo chakalekale chimenechi. Theka la anthuwo sanali apaulendo, anali oitanira amene amangokhalira mipando. Wapaulendo weniweni akakwera, mmodzi wa iwo ankatsika akuyasamula. Tinakhala pamenepo maola awiri, dalaivala akuliza injini n'kumasuntha pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Kondakitala atanena mtengo anthu anabuula, iye n'kuti, "Mafuta akusowa, mukudziwa nokha. Amene sakufuna atsike." Sanatsike aliyense. Ine ndikanalipira ngakhale akanawirikiza.

Pafupi nane panakhala abambo ena achikulire ovala kofia, okhanda zidebe a ku Biwi, kwawo ku Machinga. Anali ndi ndowa zatsopano zinayi zolowetsana, ndipo imodzi inandikanikiza bondo mpaka linachita dzanzi. Ataona kuti ndikungoyang'ana foni anandifunsa, "Kwagwanji, mayi?" Ndinawafotokozera zonse. Sindidziwa chifukwa chake munthu umamasuka chonchi kwa mlendo wa m'minibasi.

Pa Nathenje tinaima kuti dalaivala agule mafuta a m'zigubu, ndipo anakanganirana mtengo mpaka ogulitsa chimanga chootcha anatizungulira kawiri. Titangodutsa Linthipe, tikukwera chitunda cholowera ku Chimbiya, tayala lakumbuyo linaphulika. Minibasi inapepesuka, mayi wina kutsogolo n'kuyamba kutchula dzina la Yesu, ndowa zija n'kugubuduka. Tinaima m'mbali mwa msewu tonse amoyo. Atatsitsa sipeya anapeza kuti nayo ilibe mpweya. Kondakitala anaikweza pa njinga ya munthu n'kubwerera nayo ku Linthipe, ife n'kukhala pa udzu.

Foni inalira tili pomwepo. Ndinali nditayamba kale kulira pomwe ndinkayankha. Anali kasitomala wanga wa ku Area 23, kufunsa ngati diresi lake la chinkhoswe ndaliika zipi. Ndinamuyankha mawu omwe mpaka lero sanabwerenso kudzasoketsa.

Abambo a ndowa aja, pofuna kundichotsa maganizo, ananditengera m'mbali mwa ngalande n'kuthyola chitsamba china. "Ichi kwathu ndiye timati chanzi," anatero. Mayi wina wa ku Dedza yemwe ankamvetsera anatsutsa pomwepo, akuti umenewo ndi mpungabwi, chanzi ndi icho chili apocho. Bambo wina wa jekete lachikopa anati onse awiri akunama, ndipo analoza chitsamba chachitatu, chamaluwa achikasu osakanikirana ndi ofiira, chija chimamera m'mipanda. Mayi wa ku Dedza uja anachita kuimirira.

"Abambo, musaphetse munthu. Chimenecho ng'ombe ikadya imadwala. Masamba okha ndiwo akufanana."

Ndinayang'ana masamba a chitsamba chimenecho ndi a chanzi cha mayi uja m'manja mwanga ndipo sindinathe kusiyanitsa. Apa ndiye mantha anandigwira enieni. Poyamba ndinkaopa kuchedwa basi. Tsopano ndinaona kuti ndikhoza kufika nthawi yabwino, nditanyamula poizoni m'chikwama, n'kuwawiritsira ndekha amayi anga.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Ku Dedza kunali nkhungu yoti dalaivala ankayenda atatulutsa mutu pawindo, ndipo mphepo yonse inkathera pa ine. Pa Lizulu anatigulitsa. Kondakitala anangoti galimoto ikubwerera, n'kutikankhira m'minibasi ina yomwe inali itadzaza kale ndi matumba a kabichi. Abambo a ndowa anasowa malo, anatsala pomwepo. Ananditsanzika pawindo.

"Mukafunse munthu wa pamalopo, mayi. Musakathyole nokha."

Ndinatsika pa mphambano yolowera ku Tsangano cha m'ma 2 koloko. Lole yomwe anthu ankaidikira inali isanabwere kuchokera m'mawa, ndiye ndinapangana ndi wakabaza wa njinga yamoto, bambo wa ndevu zaimvi wovala majekete awiri. Nditatchula mudzi anati akuudziwa, koma msewu waukulu ndi wozungulira, iye adzera chidule. Fumbi, mabampu, minda ya mbatata ya kachewere mbali zonse. Ndinamugwira m'chiuno mopanda manyazi, ine mayi wa Mvano.

Titayenda ndithu, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinamumenya pamsana kuti aime. Unali uthenga wa m'chilankhulo chomwe sindinamve ngakhale liwu limodzi.

"Chipwitikizi chimenecho," anatero osadabwa. "Akukulandirani. Tili ku Mozambiki panopa."

"Mwati chiyani? Ine ndilibe pasipoti, abambo."

"Pasipoti ya chiyani? Munda wanga uli uko, nyumba yanga ili uku. Tikadutsa mtengo uwo tabwerera kwanu."

Iye ankaseka, koma ine ndinkaona kale nditatsekeredwa m'dziko la eni, amayi akuikidwa m'manda ine kulibe. Mtengo ankanenawo unali kutali kuposa mmene chala chake chinalozera. Titaudutsa netiweki inatheratu, ya kuno ndi ya uko yomwe. Kuyambira pamenepo foni sinathenso kulira, ndipo ndinapeza kuti chete ameneyo ndi woopsa kuposa kulira kuja.

Ananditsitsa pa mjigo dzuwa litapendeka. Ndinapereka moni kwa amayi amene ankatunga madzi n'kufunsa ngati alipo wodziwa kachanzi ka pamwala. Achitsikana anayang'anana. Mayi mmodzi wachikulire anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako analoza kanyumba ka malata kotsamira thanthwe lalikulu kumapeto kwa mudzi. Ndinakazindikira. Inali nyumba yomweyo imene ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndikailambalala.

Mayi aang'ono ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde, kamunthu kakafupi, kowonda, mpango utamangidwa mpaka m'makutu. Ndinagwada chapatali. Ndisanatsegule pakamwa iwo anati, "Mphumi imeneyo ndi ya achemwali. Ndiwe Eneless." Kenako anaika lichero pansi. "Wabwera ndi uthenga?"

"Ayi, mayi. Ali moyo. Ndinawasiya ali moyo m'mawa."

Ndinafotokoza za chibayo, za mapiritsi, za chanzi chomwe ndinagula, ndi kuti andituma mankhwala otchedwa kachanzi omera pamwala. Sanafunse zambiri. Anavala nsapato zapulasitiki n'kuti, "Tiye kusanade." Anakwera thanthwelo ngati mbuzi, ine ndikukwawa pambuyo ndi nsapato za m'tauni.

M'munsi mwa thanthwe anaima pa chitsamba chofika m'chiuno. "Ichi ndi chanzi chachikulu, chomwe unagula. N'chofukizira munthu wa chimfine, ena amamwa. Usamachione ndi maso okha, uzichifikisa. Chikanunkha ndimu ndi chomwecho. Chikanunkha zoipa, maluwa ake ali amitundumitundu, zipatso zakuda, uchisiye." Pang'ono pokha anaponda china ndi phazi. "Mpungabwi uwu. Wa udzudzu. Ena amautchulanso chanzi, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka."

Pamwamba penipeni, pomwe mphepo inkaomba ngati ikufuna kutigwetsa, anagwada pa mng'alu wa mwala. Ine sindinaone kanthu mpaka anachita kundigwira dzanja. Kanali kachitsamba kosafika ngakhale pa kakolo, timitengo take tolimba ngati waya, timasamba tating'ono ngati njere za mpunga, timaluwa toyera mofiirira tobisala m'masambamo. Anafikisa pang'ono n'kundiika pamphuno. Fungo lake linandilowa mpaka m'mutu, lakuthwa, lokoma, ndipo mphuno zomwe zinatseka ndi mphepo ya ku Dedza zinatseguka.

"Kali mitundu iwiri," anatero. "Aka ka padzuwa, masamba ake ouma, fungo lamphamvu. Kena kamamera kumthunzi uko, kumene kumadontha madzi, masamba ake ali ndi ubweya ndipo n'kozizira, sikagwira ntchito kwenikweni. Dzina lenileni kalibe. Ife timati kachanzi chifukwa cha fungo. A kutsidyaku ali ndi dzina lawo. Kunabwera bambo wina wa zankhalango, anati ndi m'bale wake wa kaja amathira mu nyama m'mahotela, ati thayimu. Aliyense amangotchula zake."

"Ndiye kachiza chifuwa cha amayi?"

Anandiyang'ana mokalipa. "Ayi. Umve bwino, iwe. Aka n'ka chimfine, mphuno zikatseka, kapena m'mimba mukadzaza mpweya. Umawiritsa pang'ono ngati tiyi. Chibayo sikachiza. Ine ndinaphunzira zimenezo ndi maliro."

Anayamba kubudula timitengo tija n'kumaika m'chitenje. Kenako ananena osandiyang'ana. Mwana wa amayi uja anayamba kubanika madzulo ena. Amayi ankafuna kunyamuka nthawi yomweyo wapansi kupita kuchipatala cha mishoni. Iwo mayi aang'ono, ali mtsikana wongoyamba kudziwa zitsamba, wonyada nazo, anati ayi, timufukize kachanzi, tidikire kuche. Kunacha. Mwanayo anafera kumsana kwa amayi ali pakati pa njira.

"Sananditukwane. Bola akananditukwana. Anangosiya kundiona." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "N'chifukwa chake ndikudabwa. Achemwali kuitanitsa kameneka? Munthu amene anazula konse kanamera kuseri kwa nyumba ya amayi athu? Tanena bwino. Anati chiyani, mawu awo enieni?"

Ndinabwereza monga ndinawamvera. "Anati, kachanzi kanga kali kwathu, pamwala paja. Kakatengeni ndisanafe."

"Anati kanga?"

"Eya."

Mayi aang'ono anangokhala pansi pamwalapo. Timitengo tonse tinamwazika m'chitenje, mphepo n'kutenga tina. Ndinaganiza kuti adwala, ndipo ndinayamba kuyang'ana uku ndi uku kuti ndiitane ndani.

"Ine ndinabadwa masiku osakwana," anatero potsiriza. "Amayi athu ankandisambitsa madzi a kameneka kuti ndilimbe. Wondibereka kumsana anali achemwali, ndipo ankadandaula kuti chitenje chawo chonse chikununkha kachanzi. Dzina linakhala lomwelo. Mudzi uno amene akulikumbuka sakwana atatu." Anandigwira pamkono mwamphamvu. "Sanakutume masamba, mwana iwe. Pakamwa pa mayi ako m'pouma. Sangathe kunena kuti ndikufuna mng'ono wanga."

Ndinachita manyazi, ndinachitanso ukali. Masiku awiri tinataya ndi mitolo ya ku Chilinde ndi ku Njewa, munthu akufooka, chifukwa cha liwu limodzi lomwe akanangoliwongola. Koma mantha ndiwo anaposa zonse, chifukwa tsopano ndinamvetsa kuti amayi sankafuna kuchira. Ankafuna kutsanzika.

Galimoto panalibe mpaka m'mawa. Kutacha tinakwera lole ya mbatata, pamwamba pa matumba, mayi aang'ono atakumbatira kathumba ka kachanzi komwe anaumirira kutenga. Anati sangapite kwa odwala chimanjamanja. Lole inkaima paliponse pomwe pali thumba m'mbali mwa msewu, ndipo paliponse pankakhala kukambirana kwa mtengo, kuyeza, kutsutsana. Ndinkafuna kutsika kuti ndiwathandize kunyamula.

Netiweki inabwerera titayandikira msewu wa tala. Mauthenga analowa motsatizana, onse onena kuti bambo a Tadala anandiimbira. Ndinawerenga mpaka kasanu n'kusiya. Ndinapatsa mayi aang'ono foni kuti aimbe iwo, koma anati sadziwa potobwanya. Ndinaimba ndekha nditatsinzina.

"Akupuma," anatero bambo a Tadala. "Koma kuyambira dzulo masana sanayankhule. Madzi okha ndawadonthezera ndi supuni. Muli pati?"

Minibasi yobwerera inali yabwinoko, mpaka tinafika pa rodibuloko ina. Wapolisi wamkazi anasuzumira, maso ake n'kugwera pa kathumba kaja. Anatiuza kuti titsike nako. Atamasula n'kuona timasamba tobiriwira touma pang'ono, nkhope yake inasintha, n'kuitana mnzake. Anthu m'minibasi anayamba kunong'onezana za chamba. Dalaivala anati sangadikire. Ine ndinangoti, "Bwana, amayi anga, amayi anga," ngati mwana wotayika pamsika.

Mayi aang'ono sanatekeseke. Anatapa pang'ono, kufikisa m'manja, n'kufikitsa pamphuno pa wapolisiyo asanabwerere m'mbuyo.

"Mwana wanga, chamba masamba ake ali ngati zala. Aka kayang'ane. Kakufanana?"

Wapolisiyo anayetsemula kawiri. Kenako ananunkhizanso yekha, n'kuseka. Anati kwawo kumapiri a ku Rumphi kaliponso, agogo ake ankakaika mu tiyi, ndipo anatchula dzina lina lachitumbuka lomwe ndaliiwala. Anapempha kochepa, akuti chimfine chamuvuta sabata yonse. Mayi aang'ono anamupatsa, n'kumuuza kuti chikafika m'chifuwa apite kuchipatala. Zonsezi zinatenga mwina mphindi khumi, koma ine ndinakalamba nazo.

Tinafika kudepoti cha m'ma 3 koloko n'kukwera njinga zamoto ziwiri. Kuyambira pa Biwi maso anga anali pansi, pamsewu. Kwathu kuno pakagwa maliro anthu amayala nthambi zamasamba pamsewu kuti odutsa adziwe. Titakhota kulowa njira ya kwathu ku Kawale, ndinaziona. Nthambi zatsopano, zobiriwira, zoyalidwa modutsa msewu wonse. Wakabaza anazimitsa injini n'kutsika kuti akankhe, monga mwa ulemu. Ine ndinalephera kutsika. Ndinangomva mayi aang'ono kumbuyo akuti, "Mayo, ndachedwanso."

Mayi wina wogulitsa tomato pakona ndiye anandiona. "Amake Tadala, mwabwera? Ndi agogo aja a kuseri kwa tchalitchi, atisiya m'mawa." Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma pa maliro a munthu. Ndinakapepesa mawa lake, koma tsiku limenelo ndinathamanga kudutsa pa nthambizo osayang'ana kumbali.

Amayi anali chigonere momwe ndinawasiyira, nkhope kukhoma, thupi litachepa m'bulangete. Mayi aang'ono anasiya kathumba kaja pakhomo, anavula nsapato, n'kugwada pakhomo la chipinda.

"Odi, achemwali."

Ndinkangomva kupuma kwa amayi, kokoka ngati macheka. Kenako mphuno zawo zinagwedezeka. Fungo lija linali m'zovala zathu tonse.

"Kachanzi," anatero, mawu ali pansipansi, osatembenuka. "Wachedwa."

"Munatuma mwana kukathyola masamba."

"Ndi wogona ngati bambo ake."

Mayi aang'ono anasendera ndi mawondo mpaka pabedi. Amayi anatulutsa dzanja m'bulangete, kufufuza, n'kugwira mpango wa mng'ono wawoyo. Sanapepesane. Ine ndinafunsa monong'ona ngati nditereke madzi a kachanzi kaja, popeza tavutika nako ulendo wonse.

"Kasiye pakhomo pomwepo," anatero mayi aang'ono. "Bweretsa mapiritsi a kuchipatala aja ndi madzi."

Amayi anafinya nkhope. "Ndimwa mawa."

Mayi aang'ono anawadzutsa mutu ndi mkono umodzi, piritsi lili m'dzanja linalo.

"Ayi, achemwali. Ine sindidikiranso kuti kuche."

Amayi anawayang'ana kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi, ndipo anatsegula pakamwa.